Mabowo a Jekete ya Wolira

Lachiwiri, 9 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Musadabwe kulandira kalata ya pamanja ngati kuti mafoni anatha padziko. Foni ndili nayo, inunso mukudziwa kuti sichoka m'manja mwanga, koma nyumba yathu ndi yaing'ono ndipo makutu a Amayi sanakalambe. Zimene ndikufuna kunenazi sindingazinene iwo ali kuseri kwa chitseko. Komanso ndikudzidziwa: ndikangomva mawu anu ndidzati tonse tili bwino, ndidzafunsa za ana, kenako n'kudula.

Ndiyambe ndi pempho, chifukwa ndikalisiya kumapeto mwina sindilifikira. Amayi akuimbirani masiku akubwerawa. Akuuzani kuti mubwere mudzatenge makina awo osokera, mukapatse mwana wanu wamkulu aziphunzirira. Chonde mukane. Nenani kuti kwanuko kulibe malo, kapena kuti mwanayo alibe nazo chidwi, nenani chilichonse chimene chikubwerereni. Makina amenewo akangotuluka m'shopu muno Amayi sadzasokanso, ndipo wochititsa ndine.

Matenda anga mukuwadziwa. Munandisiya ndikupenga ndi oimba, ndipo sindinachire, angosintha ndi oimbawo. Masiku ano aja a pa wailesi sindiwamveranso. Mtima wanga unapita kwa oimba odziimira paokha, ojambula nyimbo m'zipinda zawo zogona atapachika mabulangete m'makoma kuti phokoso la msewu lisalowe. Alibe kampani, alibe wowatsatsa, ndipo nthawi zina kumapeto kwa nyimbo kumamveka galu wa aneba. Pali atsikana awiri oimba ndi gitala imodzi. Wina akaiwala mawu mnzakeyo amaseka, ndipo kusekako sakuchotsa. Pali bambo wina woyendetsa lole amene amajambulira mu lole momwemo akamadikira katundu. Ife owakonda tili ndi gulu lathu pa foni, ndipo mng'ono wanu sakhala kumbuyo: wina akalakwitsa mawu a nyimbo, womukonza ndine, ngakhale nditagwira sizasi kudzanja linalo.

Pa onsewo alipo mmodzi. Dzina lake sindilemba, simungamudziwe. Amayi anamupatsa lawo, Wolira, chifukwa akuti akamaimba amakhala ngati wina wamuponda chala. Ine ndikamamumvera ndimakhala ngati wina wawerenga za mumtima mwanga n'kuziika pa gitala, ndipo musandiseke. Pa chithunzi chilichonse amavala jekete imodzimodzi, yabuluu, ya nsalu yolimba, yobowoka pazigongono, kolala yothothoka, thumba limodzi likulendewera. Pagulu pathu aliyense ankadziwa mbiri ya jeketeyo: akuti bambo ake anamuthamangitsa pakhomo atakana ntchito ya muofesi, ndiye ankagona nayo m'madepoti a basi, bowo lililonse lili ndi nkhani yake. Mbiri imeneyo ine ndaifotokozera anthu ambiri, ndipo pena ndinkaonjezerako mchere.

Palinso Wandevu, wosewera m'mafilimu ang'onoang'ono, aja oti munthu amakhala pawindo nthawi yaitali osanena kanthu koma iwe woonera misozi ili mbwee. Chithunzi chake ndinachimata pakhoma m'shopu, pamwamba pa tebulo lositira. Amayi ankamutchula kuti mkamwini wawo wa pakhoma, wosadya, wosamwa, wosabwera n'komwe kudzawalonjera. Zonsezi zinali zoseka, achemwali. Ntchito ndinkagwira, makasitomala sankadandaula, Amayi ankangondichotsa mahedifoni m'makutu akafuna kundituma.

Tsopano ndikuuzeni chimene takhala tikukubisirani, chimenenso ine ndi Amayi takhala tikubisirana tokhatokha. Maso awo anayamba kuchita chifunga. Magalasi ali nawo koma sawathandizanso. Ndinazindikira nditawaona akulimbana ndi singano, ulusi ukungodutsa pambali, iwo akunena kuti babu la m'shopu lafooka. Babu ndinasintha, koma tsiku lotsatira anati singano za masiku ano akuzipanga zopanda maso. Ndiye ndinayamba kulawirira. Ndimatsegula shopu iwo asanafike, ndimalowetsa ulusi m'singano zawo n'kuzibaya pa kapilo kaja kofiira motsatana, wakuda kumanzere, kenako woyera, kenako wabuluu, mpaka kumapeto. Ndimayang'ana ntchito ya tsikulo, ndimakulunga ulusi wogwirizana nayo pa mabobini a makina, makinanso ndimawalowetseratu ulusi. Iwo akafika amangotambasula dzanja n'kutenga. Sanandifunsepo kuti amachita zimenezi ndani, inenso sindinanenepo. Ankangoti singano zawo ndi zomvera. Manja awo sanaiwale kanthu, msoko umatuluka wowongoka ngati kale, ndipo panalibe kasitomala ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa.

Lamulo lawo lija silinasinthe: chovala sichituluka m'shopu mwawo chili ndi bowo. Munthu akabweretsa buluku kuti alifupikitse, amakalipeza kunyumba mabatani atalimba, thumba lobowoka litatsekedwa, osauzidwa. Mukukumbukira mmene ankatiimitsira pakhomo tikupita kusukulu, n'kutitembenuza uku ndi uku ngati akutigula.

Ndafika pa tsikulo. Pagulu panabwera uthenga woti Wandevu akujambula filimu mumsewu wa kuseri kwa positi ofesi. Ndinauza Amayi kuti ndikupita kukagula ulusi ndi zipi, ndipo ndinachoka shopu ndisanatsegule. Za singano ndinakumbukira ndili m'njira, ndisakunamizeni kuti ndinaiwala. Ndinadziuza kuti ndikangomuona pang'ono, ndibwerera Amayi asanamwe n'komwe tiyi. Ndinaima kuseri kwa chingwe chotchingira oonerera pamodzi ndi anthu ena mpaka dzuwa kupendeka. Chimene ndinaona ndi munthu wamfupi kuposa wa pakhoma uja, akutuluka pakhomo lomwelomwelo mobwerezabwereza atanyamula sutikesi yopanda kanthu. Ife sanatiyang'ane ngakhale kamodzi. Ndinajambula msana wake n'kutumiza pagulu, anzanga n'kumandichitira nsanje.

Nthawi yomweyo, ine ndili pa chingwe, Wolira analowa m'shopu mwathu. Mukhoza kuseka, inenso ndikanaseka zikanachitikira wina. Ankajambula vidiyo ya nyimbo yake chapafupi, zipi ya jekete n'kuduka, anthu n'kumulozera kwa Amayi. Anaisiya, anati zipi yokha, abweranso masana. Amayi sanadziwe kuti ndi uja wopondedwa chala. Anangoona mwana wa munthu wovala nsanza. Zipi anaika, ulusi wakuda wa dzulo lake unali ukadali m'makina. Atamaliza, zala zawo zinapeza mabowo.

Pa kapilo panalibe singano ya ulusi ngakhale imodzi. Amayi a pasaluni, aneba athu a shopu yoyandikana, anandiuza pambuyo pake kuti anawaona ataima pakhomo nthawi yaitali, singano ataikweza kudzuwa. Atawafunsa ngati akufuna thandizo, Amayi anayankha kuti akungoona ngati singanoyo yapindika.

Nditabwerera ndinapeza Aphunzitsi, kasitomala wawo uja wakalekale, atakhala pabenchi kudikira kuyesa diresi. Panalinso mwamuna ataima chofulatira chitseko. Patebulo panali jekete yosita bwino. Jeketeyo ndinaizindikira ndisanazindikire mwini wake. Mabowo onse anali atatsekedwa. Kolala inali itatembenuzidwa, thumba litabwerera pamalo pake. Ndipo ulusi wonse, pa nsalu yabuluu ija, unali wobiriwira.

Wolira anainyamula patebulopo, ataigwira pamapewa. Amayi anali akumwetulira.

"Zinazo ndangokuthandizani, mwana wanga," anatero. "Musamayende choncho, anthu angamati mulibe mayi."

Achemwali, ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinakalipa chifukwa cha mantha, kapena kuti mutu unasokonezeka. Sindinakalipe. Ndinkafuna kuti munthu ameneyu adziwe kuti m'shopu muno muli wina womudziwa, wina wosiyana ndi amayi okalamba otseka mabowo. Ndinamutchula dzina lake lonse, ndinamuuza kuti nyimbo zake ndimaziimba pamtima. Kenako ndinaseka kaseko kaja kamene timasekera kasitomala wolemera, n'kunena kwa iye, Amayi ali pomwepo:

"Pepani kwambiri, akulu. Amayiwa maso adatha. Taonani, wobiriwira pa buluu. Singano ndimawalowetsera ndine tsiku lililonse, lero lokha ndinachokapo."

M'shopu munkangomveka choumitsira tsitsi cha pasaluni. Amayi sanandiyang'ane. Anatembenukira kubenchi.

"Aphunzitsi, ndi wobiriwira?"

Aphunzitsi anayang'ana nsapato zawo. "Pang'ono," anatero.

Wolira ndi munthu waulemu, zimenezo ndimupatse. Anati ntchitoyo ndi yokongola ndipo sanaonepo kolala yotembenuzidwa choncho. Vuto linali lakuti theka la vidiyo anali atajambula kale jekete ili ndi mabowo, theka linalo ankajambula masana omwewo, ndipo jekete iyenera kuoneka chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anafunsa ngati zingatheke kumasula. Apa munthu wanzeru akanatseka pakamwa. Ine ndinayamba kumufotokozera iye mwini mbiri ya jekete yake, kuti ndikudziwa kuti bowo la chigongono chamanja ndi la kudepoti, kuti ndikudziwa zimene bambo ake anamuchita. Anakanda m'mutu, n'kuseka mwamanyazi.

"Jeketeyi ndinagula pamsika, mlongo. Mabowowa tinaboola ndi mnzanga wa kamera, ndi lezala ndi mwala. Bambo anga ndi amene anandigulira gitala."

Ndimo mmene ndinakhalira patebulo langa ndi lezala, n'kuyamba kudula ntchito ya Amayi. Iwo anakhala pampando wawo, manja pamiyendo. Ulusi ukamaduka umalira pang'ono, inu mukudziwa, ndipo ndikudziwa kuti ankamva uliwonse. Msoko unali wowongoka ndi wolimba, cholakwika unali mtundu basi. Koma chimene chinandipweteka ndi china. Pamene ndinkasolola ndinapeza kuti ulusiwo ndi wautali zedi, wina wotalika kuposa mikono yanga iwiri, umodzi womwewo kuchoka pachigongono, kudutsa m'kati mwa mkono, mpaka pathumba. Amayi omwe aja amene ankatimenya zala tikadula ulusi wautali, akuti umapotana ndipo ndi ulesi. Ndinazindikira kuti singano imodzi ija inawavuta kwambiri moti sanafune kubwereranso pakhomo.

Nditamaliza, jekete inabwerera ku nsanza zake. Wolira anathokoza Amayi, iwo anayankha bwinobwino kuti ayende bwino. Ali pakhomo anatembenuka n'kundifunsa ngati ndikufuna chithunzi, poti ndimakonda nyimbo zake. Apa ndi pamene cholembera chikundilemera. Ndinavomera, achemwali. Ndinaima pambali pake, ndinamwetulira mano onse panja. Chithunzicho ndili nacho. Kuseri kwa phewa langa kukuoneka Amayi, atawerama, akuvundikira makina awo ndi nsalu. Pagulu sindinachitumize, ndipo mpaka lero sadziwa kuti munthu wawo anaponda m'shopu mwathu. Koma kuchifufuta sindinachifufutenso, ndipo sindikudziwa kuti ndikuchisungira iye kapena iwo.

Kuchokera tsiku limenelo nsaluyo sinachoke pamakina. Kushopu amabwerabe, m'mawa uliwonse, atavala bwino ngati kale, koma amakhala pabenchi ya makasitomala. Amalonjera anthu, amawauza kuti adikire telala akubwera, telalayo kutanthauza ine. Aphunzitsi anabweranso ndi nsalu ina, anandikokera pambali n'kunong'ona kuti ndisoke ndine koma ndisawauze mwini wake. Anaiwala kuti makutu aja ndi amoyo. Amayi anangofunsa kuchokera pabenchi ngati nsaluyo ili ndi maluwa, n'kundiuza kuti ndisamale podula kuti maluwawo akumane pamsoko.

Kupepesa ndinapepesa, musaganize kuti sindinayese. Ndinawapeza kunyumba akupinda zovala, ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, ndinanena zonse zimene munthu anganene. Anandimvera mpaka kumapeto, akupindabe.

"Wanama pati, Mzime?" anandifunsa. "Sunaname."

Basi, pamenepo. Bola akanandilalatira, bola akanandiponyera sizasi monga anachitira nthawi ija ndinawotcha diresi ya mkwatibwi. Amandiphikira, amandidzutsa, amandifunsa ngati ndatenga ambulera. Ndinatchulako za dokotala wa maso. Kale ankakana ponena kuti palibe chowavuta, pano akukana ponena kuti chinthu chotha sapita nacho kuchipatala. Chithunzi cha Wandevu ndinachimatula pakhoma, ndikuganiza kuti mwina aona kuti ndasintha. Anaona kuti pakhoma payera, n'kundifunsa kuti mwana wa eni wandilakwira chiyani. Anandiuza kuti ndimubwezere pamalo pake, ndipo ndinamubwezera. Koma dzina lija la mkamwini sanalitchulenso.

Mwina mukuganiza kuti nyimbo ndinasiya. Ndikanakonda zikanatero, kalatayi ikanaoneka bwino. Vidiyo ija inatuluka, ndipo nyimboyo ndi yabwino, yabwino mopweteka, ndimaimvera ndikupita kukagula zipi. Pali malo ena pamene amakweza dzanja kuti agwire chingwe cha gitala. Ukaimitsa pamenepo n'kukulitsa, pachigongono pakuoneka kaulusi kobiriwira kamene lezala langa linaphonya. Anzanga a pagulu anakaona kale. Wina wanena kuti ndi ulusi wa diresi ya chibwenzi chake chimene chinamusiya, ndipo ena avomereza, akuti n'chifukwa chake akulira choncho m'ndime yachiwiri. Ine, wokonza anthu uja, sindinawakonze.

Singano ndimalowetsabe m'mawa uliwonse, wakuda kumanzere, kenako woyera, kenako wabuluu. Madzulo ndimazipeza mmene ndinazisiyira. Koma dzulo nditabwera kokatula zovala kwa kasitomala, ndinapeza singano zonse zili pa kapilo zopanda kanthu. Ulusi uliwonse unali utasololedwa, utakulungidwa bwinobwino pa chala n'kuikidwa pambali, motsatana mmene ndimaikira, kuti usawonongeke. Sindikudziwa ngati akundiuza kuti ndisiye, kapena ngati manja awo anangolephera kupirira. Chimene ndikudziwa n'chakuti anadzuka pabenchi n'kufika patebulo lawo. Lero ndalowetsanso.

N'chifukwa chake ndili ndi pempho lachiwiri. Mukamayankha kalatayi, mutumize chovala cha mmodzi wa ana, chong'ambika zenizeni, chong'ambika pa mpira kapena pa mpanda, osati ndi lezala. Musalembe kuti Amayi asoke, musanene chilichonse. Mungoti ndi chakale, mwina chingathandize mwana wina kuno. Ndidzawapatsa m'manja kuti apinde. Moyo wanga wonse sindinaonepo zala za Amayi zikupeza bowo n'kulidutsa. Mtundu wa chovalacho usakuvuteni, ulusi uliwonse umene adzatenge ndidzati ndi womwewo, ndipo wina akadzanena zina adzayambana ndi ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti malaya awo aja ndinamaliza ndipo ndidzatumiza akapezeka wobwera kumeneko. Ana muwafungatire m'malo mwanga. Wamkuluyo musamuuze za makina, angayambe kuwayembekezera. Amayi a pasaluni akupereka moni, Aphunzitsinso chimodzimodzi.

Amayi andipeza ndikulemba. Ndawauza kuti ndi kalata ya kwa inu, sanafunse kuti muli chiyani. Akupereka moni kwa nonse, mmodzimmodzi, ndipo akuti mwana wamng'onoyo muzimuveka juzi m'mawa. Ndawafunsa kuti za iwo ndilembe chiyani. Akuti ndikuuzeni kuti ali bwino, akudya, akugona, miyendo sikuwawa, koma maso adatha. Ndalemba monga anenera, achemwali, chifukwa aima pano akudikira kuti ndiwawerengere mzerewu. Mawu otsirizawo ndi anga aja a m'shopu, sanasinthe ngakhale limodzi.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime